Bere la Atelala

— Halo?

— Halo, alamu.

— Halo? Ndikulankhula ndi ndani?

— Ndiye kuti nambala yanga munaifufuta. Ndine akulu ake a akazi anu.

— Aa, alamu a ku labu. Ayi, ndili pachiwongolero, sindinayang'ane foni. Muli bwanji?

— Ndili bwino, kaya inu adokotala?

— Tilipo. Mwaswera bwanji kumeneko?

— Ndaswera, kaya inu?

— Taswera. Abambo ali bwanji kunyumba?

— Alipo, msana womwe uja.

— Ndinawauza kuti aonde. Msana sunganyamule mimba yonse ija pawokha.

— Ndikawauza kuti mwapereka moni. Mng'ono wanga ali bwanji?

— Ali bwino.

— Sandiimbira masiku ano. Chikwatiwire ndi dokotala wa mpeni, foni yake imangodziwa kulandira.

— Amatanganidwa.

— Ndi chiyani, kusankha makatani?

— Mwandiimbira kuti tikambe za makatani?

— Ndikupereka moni, alamu. Kwathu tinaleredwa choncho. Wachisamba analemba mayeso aja?

— Analemba, ndipo anakhoza bwino kwambiri. Akufuna udokotala.

— Magazi a bambo.

— Ndinamuuza kuti alimbikire. Ndinati ukangoterereka pang'ono udzathera koyeza mikodzo ya anthu.

— Munamulangiza bwino. Akaterereka kwambiri adzathera kodula anthu asanadziwe chimene akudwala.

— Mwati chiyani? Netiweki ikuduladula.

— Mwamva. Mzime uja chifuwa chinatha?

— Chinatha kalekale. Anu ali bwanji?

— Akula, akudya ngati dzombe. Muli pati kodi? Kukumveka mahutala.

— Pamzere wa magalimoto. Lole yafera pamphambano, palibe chikuyenda.

— Ndiye zimitsani wailesi, ndikufuna mundimve bwinobwino. Ndaima pazenera la kuseri kwa firiji, ndi pokhapo pamene netiweki imagwira kuno. Mayunitsi anganso si ambiri.

— A labu mayunitsi sakhala ambiri. Nenani.

— Mawa m'mawa muli ku fiyeta.

— Lachinayi lililonse ndimakhala ku fiyeta.

— Woyamba pamndandanda wanu ndi mayi wa bedi naini.

— Chiyambire liti a labu kuwerenga mndandanda wanga?

— Amaumata pakhomo la wodi, ngakhale okolopa amawerenga. Atelala aja, si choncho?

— Ndi iwowo.

— Mukuwachotsa bere.

— Lakumanzere, lonse. Hafu seveni ndidzakhala nditasamba kale m'manja.

— Musalichotse.

— Halo?

— Ndati musalichotse, alamu. Mawa ayi.

— Dikirani nditsitse galasi, mwina ndi kutentha kwa m'galimoto muno. Mwati ndisatani?

— Musawadule mayi amenewo.

— Alamu, mukudziwa kuti ndinaphunzira zaka zingati kuti ndigwire mpeni?

— Khumi ndi zinayi. Mumatiuza nthawi iliyonse tikakhala patebulo. Ngakhale galu wa kwanu amadziwa.

— Nanga inu?

— Zitatu. Kuwonjezapo makumi awiri za kuyang'anitsitsa mafinya amene inu mumangopukuta n'kutaya.

— Ndiye tamverani, popeza mwaganiza zokhala dokotala madzulo ano. Mayiyu anabwera kwa ine miyezi isanu ndi iwiri yapitayo. Bere lotupa, lotentha, khungu lonyezimira, mkati chotupa cholimba ngati mwala. Sakuyamwitsa, mwana wake ali ndi zaka zitatu. Ndinaganiza khansa, ndinadula kanyama kawiri konse kukayezetsa. Palibe khansa. Ndinaganiza TB. Palibe. Ndamuboola katatu kukhetsa mafinya. Lero berelo lili ndi mabowo asanu, onse akuchucha.

— Ndikudziwa.

— Simukudziwa. Inu mumalandira kabotolo kokhala ndi nambala, ine ndimalandira munthu. Maantibayotiki mitundu itatu, osasintha kanthu. Mankhwala ochepetsa kutupa amufufumitsa nkhope, shuga wakwera. Mkono sukwera, makina osokera anawavundikira nsalu. Mabandeji amasintha kanayi patsiku. Mwamuna wake anasamukira pabalaza chifukwa cha fungo. Mayiyu anandigwadira yekha mu ofesi, akuti adokotala chotsani chinthuchi ndipume. Anasaina ndi dzanja lake.

— Munthu akatopa amasaina chilichonse.

— Ndipo mukudziwa chimene chandifikitsa pa mpeni? Mapepala anu. Alipo atatu mu fayilo, ndimawadziwa pamtima. Loyamba: tizilombo wamba ta pakhungu, musatilabadire. Lachiwiri: palibe chamera. Lachitatu: palibe chamera. Inu a labu mukanakhala alimi, tonse tikanafa ndi njala.

— Pali pepala lachinayi.

— Silinafike. Mapepala anu amayenda ngati birimankhwe.

— Ndi limene ndikukuimbirani. Lolemba la sabata yatha munatumizanso mafinya a mayi ameneyu.

— Ndinatumiza mwa chizolowezi. Sindimayembekezera kanthu.

— Tamverani mmene timagwirira ntchito kuno, chifukwa ndikukayika ngati munafunsapo. Timapaka mafinya pa kambale ka chakudya cha tizilombo. Kambaleko timaika mu inkyubeta, kabati yotentha ija. Lamulo lathu ndi masiku awiri. Tsiku lachiwiri kambale kakakhala mbee, timalemba kuti palibe chamera, timakaphika mu chimphika chopha tizilombo, n'kutaya. Mashelefu ndi atatu okha, timbale tatsopano timafuna malo.

— Phunziro la katsukidwe ka mbale ndidzamva tsiku lina.

— Chimphikacho chinafa Lachitatu. Kambale kosaphika sititaya, ndi lamulonso limenelo. Ndiye ta sabata yonse tinatsala mu kabati muja, tinangotikankhira kumbuyo.

— Ayi, sindikufuna. Ndati sindikufuna, chaja ndili nayo. Pitirirani.

— Mukunena ine?

— Wogulitsa machaja pazenera. Pitirizani za mphika wanu.

— Amakaniko anabwera Loweruka. Ndikutulutsa timbale kuti ndikaphike, ndinakweza ka bedi naini pa kuwala. Kanali ndi timadontho totuwa, tating'ono, ngati munthu wawazapo mchere wosalala. Tsiku lachiwiri panalibe. Tinamera pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu, nthawi imene kambale kamakhala kali kale kudzala.

— Ndiye sayansi yanu yonse yachokera mu mphika wowonongeka.

— Eya. Mphikawo pofa wagwira ntchito kuposa tonsefe amoyo.

— Tizilombo tanji?

— Pa maikulosikopu ndi timitengo tatifupi, tounjikana ngati machesi otayikira pansi.

— Korine.

— Mwamudziwa. Zaka khumi ndi zinayi sizinapite pachabe.

— Alamu, korine ali pakhungu la munthu aliyense. Ali pachiwongolero changa pano. Ali pa foni yanuyo. Mwaimika dokotala pamsewu kuti mumuuze kuti mwapeza litsiro.

— Mafinya aja anatenga ndani?

— Ndinatenga ndekha.

— Ndi kathonje kopukutira pabala?

— Ndi jakisoni.

— Khungu munatsuka?

— Mukufunsa ine zimenezo?

— Munabaya mozama?

— Mpaka pakati pa chotupa, kumbali yopanda bowo.

— Ndiye sankhani nokha, adokotala. Kaya manja anu ndi auve, kaya kachilomboka kanachokera mkati mwa bere.

— Pakamwa panu mpomwe panakulepheretsani kukwezedwa pa ntchito.

— Litsiro la pakhungu limamera losakanikirana, mitundu itatu inayi pa kambale kamodzi. Aka kamera kokha. Kambale konse mtundu umodzi.

— Zimachitika.

— Sindinalekere pomwepo. Ndinakasamutsira pa timbale tiwiri tatsopano. Kena ndinakasiya wamba, kena ndinadonthezapo mankhwala amafuta amene timasunga mu firiji. Dzulo ndinatsegula. Pa kawamba kanangonyentchera. Pa kamafuta kananenepa. Kamakonda mafuta ngati anthu ena amene ndimawadziwa.

— Muzinena amuna anu.

— Bere ndi mafuta, alamu. Kamalowa mmenemo, kamabisala mu timadontho ta mafuta, thupi limakamangira mpanda, chotupa n'kumakula. Ndicho chifukwa chake kamachedwa kumera pa timbale tathu touma.

— Mwawerenga pa foni zimenezi.

— Ndawerenga m'buku lalikulu lobiriwira lija. Lanu lilipo, munatsamiritsira chitseko cha ofesi.

— Halo? Halo?

— Ndilipo. Wina watsegula firiji, ndasuntha. Mukundimva?

— Mwatsoka, ndikukumvani.

— Lero m'mawa ndinakwera kwa madala oyeza minofu aja. Ndinawapempha atulutse magalasi a pa maikulosikopu a kanyama kamene munadula kawiri kaja.

— Munapita kukatsegula zinthu za wodwala wanga osandiuza?

— Ndikukuuzani pano. Madalawo poyamba anangofufuza khansa ndi TB, chifukwa ndi zimene munawafunsa. Lero anapaka utoto wina, wa mabakiteriya. Mu timabowo ta mafuta muli timitengo tomwe tija. Anandiitana kuti ndisuzumire ndekha. Anavula magalasi awo n'kuwaika patebulo.

— Madala aja akanapuma ntchito kalekale.

— Aliyense amene waona chimene inu simunaone ndi wokalamba kapena wosaphunzira.

— Chabwino, tinene kuti kalipo. Maantibayotiki mitundu itatu ndinapereka. Bwanji sikanafe?

— Munapereka ati? Onse atatu ndi a banja limodzi, oyenda m'madzi a m'thupi. Akafika pa mafuta amabwerera pakhomo. Munapatsanso a masiku asanu ndi awiri okha, ngati mukuchiza chithupsa cha mwana wasukulu. Kenako munawonjeza ochepetsa kutupa aja, amene amagoneka asilikali a m'thupi. Kachilomboka kakanakhala ndi pakamwa kakanakuthokozani.

— Tsopano mukundiphunzitsa mankhwala.

— Mankhwala ndi anu, ine sindilemba. Ndikungonena kuti alipo olowa m'mafuta, ndipo mumawadziwa kuposa ine. Ndaika kale timapepala ta mankhwala pa kambale kuti ndione amene akukapha. Pofika Loweruka ndidzakhala ndi yankho. Kena ndatumiza ku labu yaikulu ndi galimoto ya m'mawa, akatipatse dzina lake lenileni, chifukwa makina a zimenezo kuno tilibe.

— Loweruka. Opaleshoni ndi mawa.

— Ndicho chifukwa chake ndikutha mayunitsi anga pa inu.

— Mukudziwa chimene mukupempha? Mndandanda unasainidwa. Magazi anasungidwa. Wogonetsa odwala ndinachita kumupempha, anasintha tsiku lake lopuma. Mchemwali wa mayiyu wachokera kutali kudzamudikirira, wasiya ana ake. Ophunzira asanu ndi mmodzi akubwera kudzaonera. Ndikaime pamaso pa onsewo ndinene chiyani? Kuti alamu anga anapeza mchere pa kambale?

— Nenani kuti zotsatira zatsopano zabwera. Si mawu ovuta, ngakhale kwa munthu wa zaka khumi ndi zinayi.

— Ndikamuchotsa pamndandanda mawa, malo ena ku fiyeta ndidzapeza patatha mwezi. Mwezi wina wa mabandeji ndi fungo. Mudzakamuuza ndinu?

— Ndikamuuza, mukandilola kulowa mu wodi yanu.

— Mungalumbire kuti achira?

— Ayi.

— Mwaona.

— Sindilumbira. Mwina adzamwa mankhwala miyezi iwiri, mwina itatu. Muzimukhetsabe mafinya. Mwina mudzadulabe kachigawo kamene kaonongekeratu. Mwinanso zidzakanika, mpeni wanu suthawa, udzaupeza pomwe mwausiya. Koma bere si chikhadabo, alamu. Mukalichotsa mawa, Loweruka yankho langa lidzapeza munthu wopanda poliikira.

— Mayiyu ali ndi lina.

— Bwerezani.

— Ndikunena zachipatala. Munthu amakhala ndi moyo ndi bere limodzi.

— Mukanene mawu amenewo kunyumba, pamaso pa mng'ono wanga. Ndidzabwera kudzakuonani ku wodi ya ovulala. Mayiyu ali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi. Ntchito yake ndi kuyeza zifuwa za akazi anzake ndi tepi, tsiku ndi tsiku, kuti madiresi awakhale bwino. Inu mukuti ali ndi lina.

— Musandiyese chilombo. Miyezi isanu ndi iwiri ndalimbana ndi bere limeneli ndekha. Inu munali kuti?

— Pansi pano.

— Eya, pansi pamenepo. Dikirani kaye. Lole ija akuikankha, koma dikirani. Pepala loyamba lija. Tizilombo wamba ta pakhungu, musatilabadire. Tinali tizilombo tanji?

— Alamu...

— Ndafunsa funso lophweka. Mwezi woyamba, bere lisanabooke paliponse, chotupa chikadali ngati dzira. Labu yanu inaona tizilombo. Tinali totani?

— Timitengo tatifupi.

— Tounjikana ngati machesi.

— Eya.

— Anayang'ana ndani?

— Ine.

— Anasaina ndani?

— Ine.

— Kwezani mawu, netiweki yanu ya kuseri kwa firiji ikuchepa.

— Ndinayang'ana ine, ndinasaina ine. Ndinatiwona pa galasi tsiku lomwelo mafinya atangofika, tisanadikire n'komwe kuti timere. Tinali tochepa, koma tinali pakati penipeni pa mafinya, osati m'mphepete. Ndinadziwa kuti litsiro silikhala choncho.

— Ndiye?

— Fomu yanu inali ndi mawu amodzi okha: mafinya. Osanena a pati, a munthu wotani, mwatenga bwanji. Pansi pake zokandakanda zanu zija zimene mumati siginecha. Ndinafunika kukuimbirani kuti ndifunse.

— Simunaimbe.

— Foni ndinaigwira. Nambala yanu ndinaipeza. Kenako ndinakumbukira ukwati wa mwana wa achimwene. Panali patangopita sabata imodzi.

— Ukwati ukubweramo bwanji?

— Munaima ndi kapu m'manja, anzanu a mataye atakuzungulirani. Wina anafunsa kuti mayi awa amagwira ntchito yanji. Munati awa ndi otsuka mbale a kuchipatala kwathu, kungoti anawapatsa gauni loyera. Anthu anaseka. Mng'ono wanga anasekanso, mwana amene ndinamubereka kumsana popita naye kusukulu. Ndinati munthu ameneyu sindidzamuimbiranso foni, ngakhale chipatala chikupsa.

— Inali nthabwala ya pachilamu.

— Ndinabweza foni m'thumba. Ndinalemba kuti tizilombo wamba ta pakhungu. Tsiku lachiwiri kambale kanali mbee, ndinakaphika, ndinataya. Ndinapita kunyumba ndikudzimva kuti ndakukhaulitsani.

— Mwandikhaulitsa ine.

— Ndikudziwa amene ndinamukhaulitsa. Dzulo ndinadutsa pa wodi yanu, ndinaima pakhomo. Anali atakhala pabedi, akusokerera batani pa malaya a mwana ndi dzanja limodzi, nsalu ataipana ndi mawondo. Sindinalowe. Ndinachita manyazi, ndinabwerera pansi.

— Ndiye mwandilalatira nthawi yonseyi, buku la pachitseko, manja auve, chonsecho mabowo asanu aja ndi anu.

— Ndi athu. Koma loyamba ndi langa.

— Athu? Musandilowetsemo. Ine ndinakhulupirira pepala la labu. Dokotala akapanda kukhulupirira pepala la labu akhulupirire chiyani, maloto?

— Dokotala akalandira katatu yankho losagwirizana ndi chimene maso ake akuona, amatsika masitepe n'kukafunsa. Ndi masitepe makumi awiri okha. Koma si zimene ndaimbira. Mlandu ndauvomera.

— Mukudziwa kuti ndikalemba lipoti, gauni loyeralo muvula?

— Ndikudziwa. Ndalemba kale ndekha, lili mu envulopu patebulo la bwana wathu. Ndalembamo tsiku, nambala ya sampulo, ndi kuti ndinayenera kuimba koma sindinaimbe. Za ukwati sindinalembe, musade nkhawa, dzina lanu ndi loyera.

— Mwachita kudzipereka nokha.

— Ndinaona kuti mukadzakana, mudzanena kuti ndikubisa kulakwa kwanga. Ndiye ndachotseratu pobisalira. Ndichotseni ntchito, mukasekenso pa ukwati wina. Koma bere la atelala lisiyeni masiku khumi. Tengani mafinya ena mawa ndi jakisoni, ndi manja anu oyerawo. Ndikawasunga masiku khumi, ngakhale kabati idzaze ndiziika timbale tina pamutu. Kakapanda kumeranso, dulani, ndipo ine ndidzakugwirirani nyale.

— Ku fiyeta kwanga simudzapondako.

— Ndiye mwavomera?

— Sindinanene choncho.

— Alamu, foni yalira kuti mayunitsi atsala pang'ono. Ndilibe nthawi yokunyengererani. Chikukuvutani n'chiyani? Ophunzira? Wogonetsa odwala? Inu amene mumabweza opaleshoni chifukwa choti gulovesi ya saizi yanu yatha?

— Si zimenezo.

— Nanga n'chiyani? Kuti wanena ndi wotsuka mbale?

— Tangokhalani chete pang'ono.

— Halo?

— Ndilipo. Ndapatukira pambali, magalimoto ayamba kuyenda.

— Ndikumva.

— Chaka chatha, mwezi wozizira. Kunali mphunzitsi. Wamtali, wa magalasi. Bere lakumanja.

— Sindikumudziwa. Ine ndimalandira kabotolo kokhala ndi nambala, munanena nokha.

— Chimodzimodzi. Mwana wa zaka ziwiri, atasiya kuyamwa. Khansa palibe, TB palibe. Mabowo anayi. Miyezi isanu ndi inayi.

— Mapepala athu anati chiyani?

— Palibe chamera. Kanayi.

— Ndiye munatani?

— Mukudziwa chimene ndinachita.

— Lonse?

— Lonse. Bala linapola bwino kwambiri. Ndinajambula chithunzi, ndimaphunzitsira.

— Mayo ine.

— Timbale take munataya tsiku lachingati?

— Alamu, sindingadziwe ngati kanali komweka. Matendawa ena sakhala ndi kachilombo n'komwe. Palibe angadziwe tsopano, pokhapokha madala aja atatulutsa magalasi ake.

— Ndafunsa tsiku lachingati.

— Lachiwiri. Monga mwa nthawi zonse.

— Amaphunzitsa pasukulu ya panjira yanga. Ndikadutsa m'mawa amakweza dzanja. Tsiku lina anandiimitsa pageti, anaitana aphunzitsi anzake, akuti bwerani mudzaone adokotala amene anandipulumutsa.

— Alamu.

— Musanditchule.

— Madzi akatayika saoleka. Koma a bedi naini akadali m'kapu.

— Miyambi yanu sungani. Tamverani, ndipo mumvetsetse, chifukwa sindibwereza. Masiku khumi, osati khumi ndi limodzi. Mafinya ndikatenga ndekha m'mawa, mbali ziwiri. Fomu ndikalemba yonse, mpaka kuseri, muwerenge mpaka maso akuwaweni. Mankhwala ndisankha ine, ndikayamba ndamuyeza ngati alibe pakati. Ochepetsa kutupa aja ndiyamba kuwatsitsa pang'onopang'ono. Yankho lanu la Loweruka ndikulifuna pa foni, osati pa birimankhwe.

— Ndidzaimba.

— Muimbe, ngakhale nditakutukwanani dzulo lake.

— Ndati ndidzaimba.

— Ndipo muwauze madala aja atulutse magalasi a mphunzitsi. Nambala ndikutumizirani.

— Mukufunadi kudziwa?

— Sindikufuna. Atulutse.

— Chabwino. Nanga atelala, awauza ndani?

— Ine. Inu mungakalire pamenepo, n'kuwaopseza. Ndikutembenuza galimoto. Mukadali pachipatala?

— Ndikadali.

— Kwerani ku wodi, muwauze anamwino achotse kapepala ka "asadye" pa bedi naini. Mayiyo adye madzulo ano, m'mawa amwe tiyi.

— Akandifunsa kuti walamula ndani?

— Nenani kuti ine. Inu sangakumvereni.

— Zikomo, alamu.

— Musandithokoze, anthu ondithokoza andikwana. Dulani foni, apolisi ali kutsogoloku.

— Mupereke moni kwa mng'ono wanga, ndi ana.

— Afika. Kwerani masitepe, musaime pazenera.

— Ndikupita. Yendani bwi...

— Halo? Alamu? Halo.